Kalata yotseguka kwa akuluakulu a makampani ogulitsa magalimoto atsopano mu Lilongwe

Mabwana ndi madona olemekezeka,

Landirani moni wanga, ndipo ndikhulupirira kuti muli bwino pamodzi ndi antchito anu onse. Ndine mmodzi wa makasitomala anu, ndimakhala ku Area 25 ndipo ndimachita bizinesi yogula ndi kugulitsa mbewu. Kalatayi ndailemba poyera chifukwa nkhani yake si yanga ndekha. Sinditchula dzina la kampani iliyonse. Okhudzidwa adzizindikira okha, ndipo amene mumachita kale bwino mundikhululukire pokuphatikizani pa moni umodzi. Ndikupemphanso akuluakulu a bungwe la Competition and Fair Trading Commission (CFTC) ndi a Consumers Association of Malawi (CAMA), mabungwe oteteza ogula, kuti awerenge nawo.

M'dziko muno ogula galimoto ya ziro kilomita ndi ochepa. Ambiri amaitanitsa yogwirapo kale ntchito ku Japan, kukaitenga ku Dar es Salaam, kulowa nayo pa Songwe, kulipira msonkho ku MRA, ndipo ikavuta amadziwa kuti aona okha chochita. Tsono munthu akabwera kwa inu n'kusaina mapepala a galimoto yodula kangapo kuposa ya ex-Japan, gawo lalikulu la ndalama zakezo akugulira kabuku ka waranti kaja mumamupatsa pamodzi ndi makiyi, konena kuti chilichonse cholakwika kuchokera ku fakitale mudzakonza inu. Timabuku tambiri timati zaka 3 kapena makilomita 100,000, chimene chayamba kukwana, ndipo tina timapitirira pamenepo. Akuluakulu anati lonjezo linadulitsa mutu wa Yohane. Ife sitikufuna mutu wa wina aliyense, tikungofuna kuti zolembedwa m'kabukuko zizichitika galimoto ikayamba kudontha.

Yanga ndi pikapu. Ndinaigula pa ngongole ya ku banki kuti izinyamula soya ndi mtedza kuchokera ku Mitundu ndi ku Nsundwe kupita ku Kanengo. Isanafike n'komwe pa sevisi yoyamba, mwana wanga akusesa pakhomo anandiitana kuti ndidzaone banga pasimenti pamene imagona. Usiku ndinayala katoni pansi pa injini. Kutacha ndinapeza timadontho tabulawuni, toterera ndikakhudza ndi chala, fungo lake la oyilo wa injini. Timadonthoto tinali chakumbuyo, pamene injini imakumana ndi giyabokosi. Ndinajambula pa foni n'kupita nayo kugalaja ya kumene ndinaigula.

Mnyamata wa ovolosi anatsegula boneti, kuunika ndi tochi ya pa foni yake, n'kunena mwaulemu ndithu kuti, "Bwana musadandaule, uyu ndi oyilo wotayikira pothira." Anaitsuka ndi madzi a mpope, n'kundibwezera makiyi. Mawu otsanzikira anali akuti muziyiyang'anira. Sanandipatse pepala lililonse. Kudonthako kutapitirira ndinabwererako, ndipo mayi wa pakompyuta anafufuza nambala ya galimoto yanga n'kundiuza kuti sizikuonetsa kuti ndinabwerapo ndi dandaulo. Funso lotsatira linali lakuti kodi ndakhala ndikuyenda nayo misewu iti.

Dandaulo langa loyamba lagona pamenepa, ndipo ndi limene limabala ena onse. Kasitomala akabwera ndi galimoto yodontha inu n'kumubweza pakamwa, tsiku limenelo limafufutika. Makilomita akupitirira kuwerengeka, miyezi ya waranti ikutha, ndipo tsiku limene vutolo lidzakule padzakhala palibe umboni woti mwiniwake ananena msanga. Amene amapindula ndi kusalembaku ndi kampani, kaya mumachitira dala kaya ndi chizolowezi chabe cha anyamata a pagalaja amene safuna kutsegula job card, pepala lolembapo dandaulo ndi ntchito yochitika pa galimoto, pa ntchito yopanda ndalama. Mayi akagula ndowa mumsika waukulu wa Lilongwe n'kupeza kuti ikudontha, amaibweza, ndipo wogulitsa sangayerekeze kumuuza kuti aziyiyang'anira. Nanga bwanji katundu wa mamiliyoni ankhaninkhani?

Lachiwiri ndi chizolowezi chogamula ndi maso. Mawu akuti "ndi thukuta chabe" kapena "magalimoto a mtundu umenewu amatero" tawamva ambiri. Ine si makaniko, koma kusamala galimoto ya ngongole kumaphunzitsa munthu. Chimene chimadontha mwachibadwa pa galimoto yabwinobwino ndi madzi a aircon, oyera, opanda fungo, amene amaoneka mukaimika galimoto m'nyengo yotentha ngati ya Okutobala. Zina zonse zimayenda motsekeka ndipo siziyenera kupezeka pansi. Oyilo wa injini amakhala wabulawuni akadali watsopano, n'kumada pamene akugwira ntchito. Wa giyabokosi ya otomatiki kawirikawiri amakhala wofiira. Wa mu difu ndi wolemera ndipo fungo lake ndi loipa, silisokonekera ndi lina. Madzi oziziritsa injini, aja timati coolant, amakhala apinki, obiriwira kapena abuluu malinga ndi mtundu wa galimoto, amanunkhira motsekemera, ndipo akauma amasiya chikhungu choyera pa paipi kapena pa ladiyeta. Brake fluid ndi woyera mopita kuchikasu, ndipo amadya penti akagwerapo.

Zonsezi amakaniko anu amazidziwa kuposa ine, ndipo amadziwanso njira yopezera gwero lake. Injini imatsukidwa bwino, galimoto imakwezedwa, chitsulo kapena pulasitiki yotchinga pansi imachotsedwa, injini imalizidwa mpaka itenthe, kenako munthu amalowa pansi ndi nyali. Pakavuta pali utoto wapadera wothira mu oyilo umene umawala ukaunikidwa ndi nyali ya UV, n'kulozeratu pamene pakutulukira. Kumbali ya coolant pali pampu yoika pakamwa pa ladiyeta, yopopera mphamvu mpaka pamene pakuchucha paoneke. Zida zimenezi si zodula kwa kampani imene ikugulitsa magalimoto atsopano. Ndipo nthawi zambiri gwero limakhala laling'ono: washala wa bawuti ya pa sampu (chosungira oyilo pansi pa injini), fyuluta yosamangidwa bwino, kilampu yolekerera pa paipi ya madzi. Ntchito ya ola limodzi. Koma nthawi zina ndi chinthu chachikulu. Pa yanga, atavomera kuiyeza moyenera, anapeza kuti ndi seal (kamphira kotsekera oyilo kuti asatuluke) ya kumbuyo kwa crankshaft, chitsulo chozungulira cha mkati mwa injini, imene kuti uisinthe uyenera kutsitsa giyabokosi yonse. Kutsuka ndi madzi a mpope kuja kunangofufuta chizindikiro.

Chimene chimandiopsa kwambiri ndi chakuti mawu aja akuti muziyiyang'anira amanenedwa mofanana pa chilichonse. Oyilo wodontha pang'ono ungathe kuyenda naye mosamala uku ukuona dipstick, kachitsulo koyezera oyilo, m'mawa uliwonse. Brake fluid ayi. Galimoto yotaya brake fluid siyenera kutuluka pageti, chifukwa tsiku lina phazi lidzangolowa mpaka pansi, mwina pa roundabout yodzaza ndi akabaza, mwina potsika ku Dedza katundu ali pamwamba. Petulo kapena dizilo wodontha pafupi ndi ekizozi yotentha ndi moto umene ukungodikira nthawi. Coolant akatha injini imatentha mopitirira, gasiketi ya pa cylinder head imapsa, nthawi zina head yomweyo imapindika, ndipo vuto la kilampu imodzi limasanduka la injini yonse. Komanso coolant ndi poizoni, ndipo chifukwa ndi wotsekemera agalu amanyambita, ana okwawa amagwira. Munthu wobweza kasitomala osayeza akutumiza zonsezi kunyumba ya mnzake.

Dandaulo lachitatu ndi loloza chala misewu. Inde, misewu yathu tikuidziwa tonse. Ukangochoka pa phula ku Mitundu kulowera kumidzi, dzinja ndi matope, chilimwe ndi fumbi ndi mabampu. Ngakhale mumzinda momwemuno muli maenje okwana kuphwanya tayala. Koma pamene munkatigulitsa magalimotowa munkadziwa kuti akayenda m'Malawi. Zikwangwani zanu zimaonetsa pikapu ikuwoloka mtsinje, ikukwera phiri. Sizingatheke kuti pogulitsa ikhale yolimba pa msewu uliwonse, koma ikadontha msewu wa ku Nsundwe ukhale mlandu wa mwini wake.

Pano ndinene mwachilungamo. Mwala ukaboola sampu, imeneyo si nkhani ya waranti, ndi ya inshulansi kapena ya thumba la mwini. Dalaivala amene wapitiriza ulendo nyali yofiira ya oyilo itayaka pa dashibodi wapha injini yekha. Amene wadumphitsa sevisi, kapena wathira mankhwala aja ogula m'mashopu a masipeya otsekera kudontha, wadzichotsera yekha chitetezo. Sitikukana. Koma mwala umasiya chipsera chooneka, chitsulo chimabinyira, penti imakalika. Ngati mukuti ndi mwala, itanani mwini galimoto alowe pansi pake aone yekha, mujambule, mulembe. Seal imene yalephera mkati mwa injini palibe mwala umene ungaifikire.

Lachinayi ndi kudikira masipeya. Yankho lake tonse taliloweza: forex. Sindikutsutsa kuti ndalama zakunja zikusowa. Tonse tinaona kwacha ikugwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo aliyense woitanitsa katundu kunja akudziwa mmene mabanki akuvutira. Koma taganizirani mbali ya wogula. Galimoto yaima pagalaja panu. Banki ikudula ngongole mwezi ndi mwezi pamodzi ndi chiwongola dzanja, inshulansi ikutha, nyengo yogula soya ikudutsa, ndipo ine ndikulipira lole ya hayala kuti inyamule katundu amene ndinagulira pikapu. Pamwamba pa izo, masiku onse amene galimoto yagona kwa inu akuwerengedwa ngati masiku a waranti amene ndadya. Chodabwitsa n'chakuti ndalama zoitanitsira magalimoto ena atsopano zimapezeka, timawaona akutsitsidwa n'kuimikidwa kuseri kwa magalasi. Kampani imene yasankha kugulitsa mtundu wina wa galimoto m'dziko muno iyenera kusunga timasipeya tomwe timadziwika kuti timafa: ma seal, magasiketi, mapaipi a madzi, water pump. Zimenezi sizidzaza ngakhale shelefu imodzi.

Ndikudziwa bambo wina wopuma pa ntchito ya uphunzitsi amene anaika gawo lalikulu la penshoni yake pa kagalimoto katsopano, poganiza kuti pa msinkhu wake safunanso zogona pansi pa galimoto m'mbali mwa msewu. Kanayamba kumwa coolant mwakachetechete. Akapita kukanena ankangomuwonjezerera n'kumubweza. Kanadzatentha pa msewu wa ku Salima, ndipo atakakokera ku Lilongwe anauzidwa kuti waranti singagwire chifukwa anayendetsa galimoto ikutentha. Maulendo onse amene anapita kukadandaula palibe ndi umodzi womwe umene unalembedwa. Bamboyo si wolongolola. Analipira.

Lachisanu likukhudza kutimanga manja. Kabuku kamati galimoto ikagwiridwa ndi makaniko wina waranti yatha. Kwa ife a mu Lilongwe izi zikutanthauza kuti ngakhale ku Biwi kuli amisiri amene angasinthe seal tsiku limodzi, sitingapiteko, tiyenera kudikira inu. Chabwino, tinasaina. Koma lamulo lotere limabwera ndi udindo. Ngati mwanditsekera makomo ena onse, khomo lanu lizitseguka msanga. Ndipo ganiziraninso za galimoto zimene mumagulitsa kuno koma zimakagwira ntchito ku Mchinji, ku Kasungu, ku Ntchisi, ku Nkhotakota: za zipatala za mishoni, za makalabu a alimi, za mabungwe. Dalaivala akaona dontho ali kumeneko amaimba foni n'kuuzidwa kuti bweretsani tidzaione. Abweretse bwanji? Akaiyendetsa makilomita oposa 100 ikudontha, mudzati anaiwononga yekha. Akaitana breakdown, mumati zokokera si zanu. Akapempha makaniko wa pa boma kuti angomanga kilampu, mumati waranti yafa. Njira zonse zitatu zikuthera m'thumba mwake.

Pomaliza pa madandaulo, timabilu tating'ono timene timatulukira potenga galimoto. Sipeya yaperekedwa pa waranti, koma oyilo watsopano lipirani, coolant lipirani, nthawi zina ndi ntchito ya manja yomwe. Oyiloyo anatayika chifukwa cha vuto la ku fakitale, ndiye alipire ndani?

Mabwana, zimene ndikunenazi si kupempha chifundo. Dziko lino lili ndi lamulo loteteza ogula, Consumer Protection Act la 2003. Lili ndi Competition and Fair Trading Act, limene linakhazikitsidwa koyamba mu 1998 n'kulembedwanso mwatsopano mu 2024, ndipo limaletsa wamalonda kudzichotsera udindo pa katundu wolakwika. Lamulo latsopanoli linapatsa CFTC mphamvu yolamula kuti wogula abwezeredwe ndalama kapena asinthiridwe katundu, komanso yolipiritsa chindapusa kampani yolakwa popanda kuyamba yadikira khoti. Ambiri a ife sitipita kumeneko. Timaopa kuti tikadandaula galimoto yathu idzaikidwa kumapeto kwa mzere, ndipo mitundu yambiri ya magalimoto ili ndi wogulitsa mmodzi yekha m'dziko lonse, ndiye ukayambana naye upita kuti? Kukhala chete kwathuko musakuyese kukhutira.

Choncho ndikupempha zinthu izi:

1. Kasitomala aliyense wobwera ndi dandaulo la kudontha atsegulidwire job card tsiku lomwelo, yolembapo deti, makilomita ndi mawu ake enieni, ndipo apatsidwe kope yake ngakhale simunapeze vuto. Dandaulo lonenedwa waranti isanathe likonzedwe pa waranti, ngakhale sipeya itafika nthawi itadutsa.

2. Galimoto isabwezedwe ndi mawu akuti "ndi zabwinobwino" isanakwezedwe ndi kuyezedwa. Zimene mwayeza ndi zimene mwapeza zilembedwe, ndipo wosaina akhale mkulu wa galaja.

3. Ngati chikudontha ndi brake fluid, petulo kapena dizilo, muuzeni mwini wake momveka kuti asaiyendetse, ndipo mukaitenge ndi breakdown yanu kulikonse kumene ili m'dziko muno. Ngati mukumulola kupitiriza kuyenda nayo ikudontha oyilo kapena coolant podikira sipeya, mulembe chilolezocho, kuti injini ikadzawonongeka mlandu usamugwere.

4. Mukakana kukonza pa waranti, perekani chifukwa chake polemba, pamodzi ndi zithunzi, ndipo mulole mwini galimoto abwere ndi katswiri wake wodziimira payekha kudzaona zimene mukunenazo.

5. Masiku onse amene galimoto yakhala kwa inu podikira masipeya awonjezeredwe pa waranti. Kudikirako kukapitirira sabata ziwiri, perekani galimoto yogwirizira, kapena mugwirizane ndi mwini wake za ndalama zimene akutaya pa hayala.

6. Oyilo, coolant, ntchito ya manja ndi china chilichonse chotayika chifukwa cha vuto la ku fakitale chikhale pa bilu yanu.

7. Kwa magalimoto ogwira ntchito kutali, vomerezani magalaja angapo m'maboma kuti azikonza zing'onozing'ono m'dzina lanu, kapena muzitumiza makaniko wanu kumeneko.

8. Vuto lomwelo likabwerera mobwerezabwereza mutalikonza, pakhale poyambira kukambirana zosintha galimoto kapena kubweza ndalama, ndipo ndondomeko yake ilembedwe m'kabuku kuti wogula aidziwe asanasaine.

9. Mfundo zikuluzikulu za waranti zilembedwenso m'Chichewa pa tsamba limodzi. Amene amakhala ndi galimoto tsiku lonse nthawi zambiri ndi dalaivala, ndipo ndi iyeyo amene amayamba kuona dontho.

Kwa a CFTC ndi a CAMA, pempho langa ndi lakuti muitanitse timabuku ta waranti ta makampani onse ogulitsa magalimoto atsopano, muone ngati mfundo zake zikugwirizana ndi lamulo la 2024, makamaka ija yothetsa waranti yonse chifukwa cha kabawuti kamodzi komangidwa kwina. Pa 15 Malichi chaka chilichonse timakumbukira tsiku la ufulu wa ogula, ndipo zingakhale bwino chaka china nkhani ya magalimoto itakhala nawo pa mndandanda, chifukwa ena mwa magalimoto atsopanowa amagulidwa ndi boma, kutanthauza kuti ndi misonkho yathu imene imadontha.

Kwa anzanga amene mukuwerenga nawo kalatayi muli ndi galimoto ya pa waranti: mukaona banga, yalani katoni usiku, jambulani chithunzi chooneka deti pamodzi ndi makilomita a pa dashibodi, ndipo tumizani uthenga wolemba ku kampani musananyamuke, kaya pa imelo kaya pa WhatsApp, kuti tsikulo likhale ndi umboni. Musathire mankhwala otsekera kudontha, musalole wina amasule kanthu, sungani malisiti onse a sevisi, ndipo musatuluke pageti la galaja opanda pepala m'manja, ngakhale atakuuzani kuti bwana wosaina watuluka. Dikirani abwere.

Mabwana ndi madona, mukafuna kuyankha, yankhani poyera pomwe pano kuti makasitomala anu onse amve, ndipo muyambe ndi mfundo yoyamba ija, chifukwa siifuna forex.

Ndine wanu mwaulemu,
Mwini pikapu wa ku Area 25, Lilongwe